Mawu a Apongozi Kuseri kwa Chitseko

Yesu atamandike, abale ndi alongo! Kumbuyo uko simunadye kodi? Ndati atamandike! Eya, tsopano ndamva.

Ine ndine Mbewe wa ku Mushili, wobadwira ku Katete, wokalambira mumgodi. Mukumbuka kuti chaka chatha ndinaima pompano n'kunena kuti ndachira. Munaimba, amayi analuluta. Lero ndabwera kudzakonza umboni uja, chifukwa ndinauthamangira.

Matenda anga anali khansa ya pulositeti, kachiwalo kamene ife amuna tili nako kunsi kwa chikhodzodzo. Mkodzo unkangodontha, abale, kudontha! Ku Lusaka anandiwotcha ndi makina, nandibaya majekeseni. Nditabwerako, zonse zinatseguka ngati mpopi watsopano. Adokotala anati ndizipita kukapimitsa magazi. Ine ndinati iyayi. Munthu wochiritsidwa ndi Mulungu abwererenso kuchipatala? Kumeneko si kukayika? Khadi ndinaliponya pansi pa sutikesi.

Tsono mwana wanga Yohane anakwatira mkazi wophunzira, amake Tiya. Amagwira ntchito ku Kitwe, m'chipinda chofufuzira matenda, ndipo chimene amafufuza ndi khansa yomweyi. Koma ndi apongozi anga. Inu a kum'mawa mukudziwa. Sitidyera pamodzi, sitiyang'anana m'maso. Zaka seveni, mawu athu anali "mwauka bwanji" basi.

Atamva kuti ndasiya chipatala, anatuma akazi anga. Akazi anga manyazi anawagwira, uthenga unafika kwa ine uli wakuti, "Akuti muzidya masamba." Ndinadya chibwabwa mpaka kutopa! Apongozi aja anatumanso Yohane. Yohane anabwera, anakhala, anakamba za mpira, n'kupita.

Loweruka lina masana ndili m'chipinda, ndikumvera wailesi. Ndinamva munthu akugwada kuseri kwa chitseko.

"Atate, ndine amake Tiya. Ndikudziwa kuti ndikulakwa. Nkhuku yopepesera ndibweretsa, koma mundimve."

Ndinakweza wailesi. Iwo anakweza mawu.

"Atate, m'kachiwalo kaja muli timaselo tochepa tobereka anzake. Ntchito yanga ndi kutifunafuna ndi kuphunzira khalidwe lake. Mu khansa namonso tikuganiza kuti muli totere, touma mutu. Mankhwala amapha ambiri, tina n'kubisala. Zili ngati mbatata yotsalira m'munda. Mwakumba, mwati ndatha, mvula ikagwa yaphuka. Sitinadziwe zonse, tikali kufufuza. Koma magazi amaulula msanga, thupi lisanamve kanthu."

Ndinakwiya, abale. Ndinakwiya zedi! Mkazi wa mwana wanga kunditchulira za kunsi kwa lamba? Ndinati, "Mayi, kwanu anakulangani?"

Anati, "Anandilanga, Atate. Koma kuli bwino mundikwiyire muli moyo. Sindifuna kudzagwada mwaulemu pamaliro anu."

Wailesi ndinazima. Mantha anandigwira, sindinama. Ndinakhala pabedi. Ndinati, Ambuye, kodi ndi Inu mukulankhula kuseri kwa chitseko changa? Ine ndinkakudikirani m'maloto!

Lolemba ndinafukula khadi lija. Ndinakwera minibasi, apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni, mwambo usafe wonse. Anandipima magazi. Patapita masiku, adokotala anandiitana. Anati, "Ba Mbewe, pepani bambo, chotupa chayambanso kudzuka. Koma mwabwera nthawi yabwino, sichinafike m'mafupa."

Sichinafike m'mafupa, abale! Ombani m'manja!

Ndinayambanso mankhwala. Ndipo atandipempha kuti kanyama kamene anandidula popima kakathandize ofufuza, ndinasaina ndi dzanja langa. Kale ndikanati ndi za Satana. Lero ndikuti akayang'ane, atipeze timaselo tija, adzukulu anga asadzavutike.

Tsono umboni wanga wokonzedwa ndi uwu. Sindinena kuti zatheratu. Ndikunena kuti ndili moyo, ndikulima kadimba kanga, ndikukwera njinga mpaka kumsika wa Masala. Miyezi itatu iliyonse ndimakapimitsa, ndipo ndimapita ndikuimba. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza akazi anga chifukwa cha masamba. Ndikuthokoza amake Tiya, ali apo agwetsa nkhope. Nkhuku anabweretsadi, ine ndinagula ina, tinadyera patebulo limodzi koyamba. Natotela, zikomo kwambiri, mwana wanga!

Tsopano inu azibambo anzanga. Ndaima pano maminitsi ochepa, koma ndaona bambo wina atatuluka kawiri kupita kuseri kukataya madzi. Dzina sinditchula. Lachitatu pa ziro eyiti m'mawa ndikupita kuchipatala, ndipo sindipita ndekha. Tikamaliza kupemphera, mundipeza pakhomo.

Amen!