Kumene aliyense ankati “zonse zili bwino”

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo! Ine ndine Luiza, kwathu ndi ku Chiputo. Amuna anga atamwalira ndinasiya mwana wanga Anita kwa amayi, ndi kubwera kuno ku Fingoe kudzafuna ntchito. Ndinaipeza pa empereza ina, kampani yogula chimanga ndi nyemba. Mwini wake, patrau wathu, anali mkulu wa mpingo. Dzina sinditchula.

Zabwino zinalipo, ndisaname. Kunalibe kutukwana. Kunalibe woledzera. Lamulungu tinkapuma, ndipo palibe mwamuna anandigwirapo chitenje. Ndinati, Ambuye, mwandiika pabwino!

Koma panali mwambo umodzi. M'mawa uliwonse tisanatsegule matumba, tinkaima mozungulira, kugwirana manja. Patrau ankati, “Aliyense anene vuto lake, tipempherere.”

Domingosi, wonyamula matumba, anati msana ukumuwawa. Tinapemphera mpaka thukuta. Sabata isanathe patrau anamuitana. “Mbale, kapumeni, Ambuye akuchiritseni.” Sanabwererenso. Kenako Rozariya, mnzanga wopeta nyemba, ananena mosangalala kuti ali ndi pakati. Tinaimba aleluya. Nayenso anamuuza, “Mlongo, kapumeni.”

Iii abale, ine sukulu sindinapite patali, koma maso ndili nawo. Ndinayamba kusuzumira popemphera. Tonse titatsinzina, patrau maso ake ali tong'o, akutiyang'ana mmodzimmodzi ngati wogula mbuzi. Ndinadzifunsa, kodi mapempherowa akumva ndani, Mulungu kapena bambowa? Kuyambira pamenepo pakamwa panga ndinatseka. Ikafika nthawi yanga, “Zonse zili bwino.” Mutu ukuwawa, zonse zili bwino. Anzanga onse chimodzimodzi.

Ndiye nthawi ya mvula munthu wa kwathu anandipeza pamsika. “Anita wadwala malungo, akukomoka.” M'mawa mwake ndinaima pabwalo lija, manja ali m'manja mwa anzanga. Ndikanena, ntchito yatha, ndipo ntchitoyo ndiyo inkamudyetsa mwanayo. Ndikapanda kunena, sindingapite, mwana afera kumudzi. Mukudziwa chimene chinatuluka pakamwa panga? “Zonse zili bwino.” Mayi ine! Mwana akukomoka, ine zonse zili bwino! Tsiku lonse ndinapeta nyemba misozi ikugwera m'lichero. Ndinkachita mantha ngakhale kupemphera mumtima, ngati patrau amva.

Kutacha ndinati zikhale zikhale. Itafika nthawi yanga ndinati, “Mwana wanga akudwala kwambiri ku Chiputo. Ndipo ndili ndi pempho lachiwiri. Mundipempherere kuti ndisauzidwe kukapuma ngati Domingosi ndi Rozariya.”

Patrau anakhosomola, nati, “Amen,” youma gwa.

Ndinathamangira pamsika kufuna mota, njinga yamoto, yondinyamula kupita kwathu. Anyamata onse anakana, ati msewu wa ku Chiputo ndi matope okhaokha. Mmodzi yekha anati, “Kwerani, mlamu.” Nditamuyang'ana bwino, ndi Domingosi uja! Atachotsedwa, mbale wake anamubwereka mota kuti azinyamula okumba golide. Tinagwa m'matope kangapo, pena kukankha, iye atagwira msana wake uja. Anita tinamupeza maso atatembenuka. Ndinamubereka kumbuyo ngati khanda, ngakhale ndi wamkulu, mpaka kuchipatala kuno. Abale, mwana wanga anachira! Uyo wakhala apoyo wavala zofiira. Anita, imirira akuone.

Nditabwerera ku ntchito patrau anandilandira akumwetulira. “Mlongo Luiza, Ambuye ndi wabwino. Tsopano kapumeni, muyang'anire mwana.” Ndinkadziwa kale. Sindinalire n'komwe.

Lero ine ndi Rozariya timaphika chakudya cha okumba golide, pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Si zambiri, koma tikudya, Anita ali pa sukulu. M'mawa timapemphera, tonse titatsinzina. Komabe ndikuuzeni zoona, munthu akandiuza kuti “ndiuzeni vuto lanu ndikupempherereni,” ndimayamba ndamuyang'ana m'maso kaye.

Ndithokoza Mulungu amene anamva ine ndisanatsegule pakamwa. Ndipo ndikupempheni, abale, mupempherere anzanga amene adakali pa empereza ija. Ndimakumana nawo pamsika, ena akutsimphina, ena akukhosomola. Akuti chichokereni ine, kumeneko sikunadwalenso munthu. Amen.