Rula ya a Dlodlo Sinali Yabodza

Malemu athu, bambo Mehluli Dlodlo, anabadwa pa 9 Ogasiti 1950 ku Makokoba, muno mu Bulawayo. Anali achiwiri mwa ana asanu a bambo Sikhwili Dlodlo, amene ankagwira ntchito kunjanji, ndi mayi MaNkiwane. Ine ndaima panoyu ndine Zenzo, mng'ono wawo, chitsirizira m'nyumba imeneyo. Abusa, akuluakulu a mpingo, alamu anga MaTshuma, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza maliro, banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi mofatsa. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza. Dzulo masana tikumanga tenti ino ndinamva munthu wina akufunsa mnzake kuti, "Kodi wamwalirayu si Rula Yabodza uja?" Achimwene anga asenza dzina limeneli zaka makumi atatu ndi zitatu. Ife sitiwaika nalo m'manda.

Sukulu anayamba mu 1958 pamishoni, ndipo analekeza Sitandade 6 mu 1965. Sikuti mutu unali wouma ayi. Bambo athu anavulala mwendo pantchito, ndiye panafunika wina woti azibweretsa chakudya pakhomo. Mu Febuluwale 1966 analembedwa ntchito yosesa pafakitale ina yosungunula zitsulo ku Belmont. Dzina lake sinditchula. Inatsekedwa kalekale ndipo pageti pake panamera udzu. Ankasesa m'chipinda cha amisiri osema. Inu amene simunalowepo m'malo otere, mverani. Chitsulo chilichonse chisanaumbidwe, mmisiri amayamba wasema chifanizo chake pathabwa. Chifanizocho amachikwirira mumchenga wonyowa, n'kuchichotsamo, ndipo mphako yotsalayo ndiye chikombole chothiramo chitsulo chosungunuka. Masiku amenewo munthu wakuda gawo lake linali tsache. Achimwene ankagwira tsachelo ndi manja, koma maso ali pa tchizulo ya mmisiri. Pofika 1974 ankasema okha zifanizo, ngakhale pakhadi lawo pankalembedwabe kuti wosesa.

Pa 18 Disembala 1976 anamanga banja ndi mayi Sithembile Tshuma a ku Lupane, amene tonse timawatchula kuti MaTshuma. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Sukoluhle mu 1978, Mgcini mu 1981, ndi Qinisela mu 1985. Mu 1981 momwemo analandira mapepala a ummisiri, n'kugula nyumba ino ya ku Luveve. Mu 1984 mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo.

Tsopano tafika pa 1989. Mmisiri aliyense wosema zifanizo amakhala ndi rula yakeyake, yosiyana ndi ya kusukulu. Chitsulo chikamazizira chimachepa pang'ono. Choncho rula ya mmisiriyo imapangidwa dala yotalikirapo: pa mainchi khumi ndi awiri alionse imaonjezera pafupifupi kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Chifanizo chimakhala chokulirapo, ndipo chitsulo chikazizira chimadzagwera pamuyeso weniweni. Palibe mmisiri wa ntchitoyi amene sadziwa zimenezi. Koma mu Malichi chaka chimenecho kunabwera bwana watsopano, wa masukulu ambiri koma wosanunkhizapo utsi wa ng'anjo. Anayenda ndi rula ya mu ofesi kuyesa zipangizo za aliyense. Atapeza kuti ya achimwene ndi yaitali, sanafunse. Akulu anati safunsa anadya phula. Analamula kuti zifanizo za mapampu a kumgodi zisemedwenso ndi rula yake ija. Achimwene anakana kawiri, kachitatu anamvera chifukwa anali ndi ana. Mapampu onse anatuluka aang'ono, zivundikiro zake osakwana.

Phula analidya ndi bwanayo, koma m'mimba munapweteka mwa a Dlodlo. Pa 2 Juni 1989 anachotsedwa ntchito. M'kalatamo analemba kuti ankagwiritsa ntchito muyeso wachinyengo kwa zaka zambiri, ndipo atagwidwa anaononga ntchito dala. Amisiri anzawo asanu ndi mmodzi ankadziwa zoona, chifukwa aliyense anali atabisa rula yangati yomweyo m'thumba la ovolosi. Onse anasoka pakamwa, wina mpaka anasaina kalatayo ngati mboni. Kuchokera tsiku limenelo panalibe fakitale ina imene inawalandira. Mpingo unawatsitsa paudindo popanda kuwafunsa ngakhale funso limodzi. Ana a sukulu ankakuwiza Sukoluhle kuti mwana wa Rula Yabodza. Ine zinandiwawa nthawi imeneyo, ndipo zikundiwawabe lero lino. Banja linalemba makalata kanayi kupempha kuti mawu aja afafanizidwe. Fakitale inatsekedwa mu 2008 isanayankhe ngakhale imodzi.

Munthu wina akanathawira kumudzi kapena kulowa m'mabotolo. Iwowa mu 1991 anamanga ng'anjo kuseri kwa nyumba ino ndi dilamu yakale ndi njerwa. Ankatola zitsulo za mabuleki otha n'kumaumba magiya a zigayo ndi mawilo a wilibala. MaTshuma ankasoka mayunifomu a sukulu mpaka zala kuchita matuza. Ana sanagonepo ndi njala, ndipo onse atatu anamaliza sukulu.

Mu Epulo 1994 kunabwera mlimi wina wokalamba wa ku Esigodini ndi galimoto ya mu 1936 ataikoka ndi thirakitala. Buloko ya injini yake, chitsulo chachikulu chija chokhala ndi mabowo a mapisitoni, inali itang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Opanga galimotoyo anatha kale kwawo komweko, ndipo magalaja onse anamuuza kuti akaikemo nkhuku ziziikira mazira. Achimwene anaizungulira katatu n'kunena kuti, "Amene anaiumba anali ndi manja awiri ngati ine. Isiyeni." Anadula buloko yakaleyo ndi sowo kuti aone njira za madzi m'kati mwake. Anajambula papepala miyezi inayi, ndipo pamalo pamene inang'ambikira anaonjezera kunenepa kwa khoma. Kuti m'chitsulo mutsale njira za madzi, pamafunika zibuma za mchenga zowotcha zoikidwa m'kati mwa chikombole. Popeza analibe uvuni wa ntchitoyo, ankawotchera mu uvuni wa alamu angawa. Anansi mukukumbukira mfuu ija ya MaTshuma: "Bambo a Suko! Buledi wanga akununkha galaja! Kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi injini?" Iwo ankangoyankha kuti, "Pirirani mayi, injiniyo ikalira mudzakwera kutsogolo." Anathira chitsulo kasanu ndi kawiri, zonse zikutuluka ndi mabowo a mpweya kapena khoma lopendama. Kachisanu ndi chitatu inatuluka yosalala. Pa 11 Novembala 1995 galimotoyo inalira, ndipo MaTshuma anakweradi kutsogolo, atavala duku la ku tchalitchi, kuzungulira Luveve yense.

Mbiri inamveka. Eni magalimoto akale anayamba kubwera kuchokera ku Harare, ku Gaborone, ngakhale ku Joni. Koma tamverani chimene ankapempha. Kuzionetsero kwawo galimoto imalemekezedwa ikakhala ndi injini imene inabadwa nayo. Ndiye ankafuna kuti achimwene aumbe pabulokopo zizindikiro ndi manambala a fakitale yakale ija, kuti oweruza asadziwe kuti ndi yatsopano. Munthu amene tauni yonse inkamutcha wachinyengo ndi amene anakana. Ankati, "Bwana, ngati mukufuna bodza pitani kwina. Ine ndimaumba chitsulo." Ndipo pabuloko iliyonse ankaumbapo zilembo zotukuka, zoti ngakhale wakhungu awerenge ndi chala: M. DLODLO, LUVEVE.

Mu Ogasiti 2002 ndinawaperekeza kuchionetsero cha magalimoto akale mumzinda muno. Anatchena jekete yawo ya ukwati. Munali magalimoto anayi okhala ndi mabuloko awo, ndipo imodzi inapambana chikho. Atasuzumira m'boneti mwake anapeza dzina lawo lapalidwa ndi galayinda, pamalopo apakapo penti yakuda. Anayang'ana yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu ndi yachinayi, chimodzimodzi. Mwini wake wa chikho uja anawapatsa moni ngati sakuwadziwa. Ine magazi anawira, ndinkafuna kukwera pampando ndikuwe. Achimwene anandigwira mkono nati, "Zenzo, usadzitsitse. Tiye kunyumba." Chaka chotsatira anasiya kulemba dzina lawo kunja kwa buloko, ndipo makasitomala anasangalala kuti mdala uja wafewa.

Mu 2003 momwemo Sukoluhle anasiya ntchito ya uphunzitsi n'kulowa m'shedi ya bambo ake. Ena munkaseka kuti mkazi sangayandikire ng'anjo. Mabuloko khumi ndi anayi omalizira anathira ndi iyeyo, bambo ake atakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo. Onse pamodzi, kuyambira 1995, m'shedi imeneyi mwatuluka mabuloko makumi anayi ndi atatu, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inabwezedwa.

Mu 2017 anayamba chifuwa. Madokotala anati fumbi la mchenga la zaka makumi asanu ladzaza m'mapapo. Anagonekedwa m'chipatala mu 2019, kenaka kawiri mu 2021. Mu Okutobala chaka chimenecho kunabwera a Hlabangana, mmisiri amene anasaina kalata ija, kudzapepesa pambali pa bedi. Achimwene anawamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Hlabangana, munandivula pamsika, ndiye mukudzandiveka kuchipinda?" Komabe anawagwira chanza ndipo anamwera limodzi tiyi. A Hlabangana ali pakati pathu pano, ndipo m'mawa uno andipempha okha kuti ndinene pagulu kuti zimene anasainazo zinali zabodza. Ndanena, bambo. Mwachedwa, koma mwachita chamuna. Anzanu asanu aja anapita ndi mawu awo kumanda.

Lachiwiri pa 14 Juni 2022, dzuwa likutuluka, achimwene anatisiya m'nyumba mwawo muno, MaTshuma atawagwira dzanja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.

Asiya mkazi wawo MaTshuma. Ana atatu, Sukoluhle, Mgcini ndi Qinisela. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Mlongo wawo mayi Sibonile, ndi ine. Shedi sikutsekedwa. Amene mwayamba kale kufunsa za ng'anjo ndi zifanizo, dziwani kuti mwini wake alipo, ndi Sukoluhle, ndipo Lolemba likudzali akoleza moto.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a chigwirizano amene sanachoke pakhomo pano chiyambire Lachiwiri, anansi amene munapirira utsi zaka zonsezi, ndi adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza. Abusa, tikuthokoza kuti mwabwera. Simunalipo mu 1989, koma buku la mpingo lilipo, ndipo tikuyembekeza kuti mukalitsegula n'kuyeretsa dzina lawo.

Pomaliza tikuthokoza inu a bungwe la magalimoto akale. Mwandandalika magalimoto khumi ndi awiri pamsewupo, onyezimira, kuti muperekeze malemu. Mwatilemekeza. Tsono malemu anandisiyira uthenga wanu, nati ndidzaunene tsiku la lero, osati lisanafike. Mu 2003 muja mdala uja sanafewe. Anangosamutsa zilembo. Kuyambira chaka chimenecho ankazisema m'bokosi loumbira zibuma za mchenga zija, ndipo dzina lawo linkatulukira m'kati mwa buloko, m'njira ya madzi, mmene galayinda singafike. Mabuloko makumi atatu ndi imodzi ali choncho. Sukoluhle wawerenga pamsewupo: mwa magalimoto anu khumi ndi awiriwo, asanu ndi anayi alinyamula. Mwapita nalo ku Joni, mwajambulitsa nalo, mwalandira nalo zikho. Wokayika akachotse kachitsekerero ka m'mbali mwa injini aunike ndi tochi. Ndipo amene likumuwawa, nyundo tili nayo m'shedimu, timubwereka. Aphwanye buloko yake, abwerere kwawo wapansi.

Enanu lizani injini, tinyamuke.

Achimwene, bambo Mehluli Dlodlo, mmisiri, mwagwira ntchito yanu ndipo mwaimaliza. Gonani tsopano. Mzimu wanu uuse mu mtendere.