Dzina la Nsofwa

Pa siteji ya minibasi ku Kanyama, ndikupita kukaona manda a mayi anga, ndinamva mayi wina akuyankhula ndi bambo amene sankadziwana naye.

"Ninakamba pamaso pa komiti ya aphungu, ba tate, za ngalande yamene inatenga mwana wanga. Banalemba, koma sininaonepo vimene banalemba."

"Manje lamulo ivomereza kuona vimene banalemba, ba mayo. Mupempha chabe, bakupatsani. Koma pepala siizakonza ngalande."

"Nidziwa. Nifuna kuona ngati dzina yake ilimo."

"Nanga mukapeza banalemba kuti 'mwana wina'?"

"Nizakwera basi futi, nikabauze pang'ono-pang'ono kuti bamve. Ni Nsofwa. Enze na zaka zisanu, enzokonda mango yosapsa."