Ngolo Yothyoka Imene Inapulumutsa Ntchito Yanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene muli. Ine ndine wowotcherera zitsulo ku Welshpool, dera la mafakitale kuno mumzinda wa Perth, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ndi viza yomwe chifukwa cha mvula imene sindinkaiganizira n'komwe.

Pochoka ku Mponela ndinkati zaulimi ndasiyana nazo. Kampani yathu imapanga ngolo zikuluzikulu zonyamulira tirigu ndi zitsulo za makina obzalira, koma sindinkafunsa kuti zikupita kuti. Changa chinali kuwotcherera basi.

Chaka china Meyi anatha kumwamba kuli mbee, Juni nayenso chimodzimodzi. Kwathu imeneyo ndi nyengo youma, choncho ine ndinkangoti Mulungu watikomera mtima, zovala zikuuma, ana akusewera panja. Ndinafika poimirira m'tchalitchi kuyamika nyengo yabwino. Koma kuntchito anzanga nkhope zinali zakugwa, aliyense maso pa foni kuona zanyengo. Chidwi chinandigwira. Anthu a m'tauni opanda ndi dimba lomwe, mvula ikuwakhudza pati? Nditafunsa, mnzanga wina anayamba wandiseka kaye, kenako anandifotokozera kuti kuno mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo alimi a kum'mawa kwa mzinda anali atabzala tirigu m'fumbi, akudikira kumwamba. Mlimi akakayika zokolola sagula makina, malole amasowa katundu, kudoko ntchito imachepa, ife a ku Welshpool n'kukhala manja lende. Ndinadabwa kwambiri. Ndinawoloka nyanja kuthawa khasu, koma ndinali ndikudyabe thukuta la mlimi.

Maoda anachepadi. Mashifiti anadulidwa, ndipo bwana anandiuza mosapsatira kuti zikapitirira chonchi, ine amene ndinabwera pomaliza ndidzakhala woyamba kupita. Viza ya banja lathu inali yomangirira pa ntchito imeneyo. Ikanatha osapeza ina msanga, ine, mkazi wanga ndi ana athu awiri tikanakwera ndege yobwerera kwathu. Ndinachita mantha, abale. Chakudya sichinkalowa, ndipo pemphero langa linali longofunsa Ambuye chimene anatibweretsera kuno. Mkazi wanga ankapemphera nane, komanso sankalephera kundigemula. Ankati, "Bambo a Chisomo, paja munayamika dzuwa pamaso pa mpingo wonse. Sande ino mukabweze umboni uja."

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wachikulire, mlimi wochokera kutali, atakweza pa lole ngolo yakale ya tirigu, yadzimbiri, yothyoka chitsulo chogwira mateyala. Ankafuna tiikonze. Anzanga anapukusa mitu, akuti pano sitiika zigamba, agule yatsopano. Mayiwo anayankha modekha kuti chaka chino yatsopano sangaikwanitse. Ine ndinaizungulira kawiri, ndinagwada n'kusuzumira kunsi kuti ndione chinaithyola n'chiyani. Zimene ndinaona ndi zomwe ndinakula ndikuchita pa Mponela, kumene ngolo ya ng'ombe sitayidwa, imaphatikidwa zigamba mpaka mwini wake kukalamba. Luso limeneli sindinalitchule n'komwe pofunsira ntchito, ndinkachita nalo manyazi. Ndinapempha bwana kuti andipatse masiku awiri. Anandiyang'ana mokayika, koma poti ntchito ina panalibe, analola.

Ndinadula, ndinawongola, ndinalimbitsa ndi zidutswa zimene zinali zoti zitayidwe. Mayi aja atabwera anaiponda ndi jombo, anaigwedeza, kenako anandifunsa kumene ndinaphunzira. Nditati ku Malawi, anaseka n'kunena kuti alimi ndi amodzi kulikonse. Anakauza anzawo. Masabata otsatira pabwalo lathu panadzaza ngolo ndi makina othyoka, moti bwana anatsegula mbali yokonza zakale n'kundiika ine patsogolo. Mvula inabwera mochedwa, yochepa, koma nkhani yondichotsa inali itatha kale.

Ndikuthokoza Mulungu amene amaona kumene ife sitikuona. Inu amene ntchito ikugwedezeka, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze chimene manja anu anaphunzira kwanu. Ine ndinkalirira khomo latsopano, koma Iye anandipulumutsa ndi chimene ndinkabisa. Pamene ndikulemba izi ana anga ali m'kalasi pa sukulu yawo ya ku Maddington, ndipo masutikesi athu akuchita fumbi pamwamba pa kabati.