Kalata Yondikana Ntchito Ndiyo Inandibwezera Pakhomo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Dzina langa ndine Lusiyano, ndimakhala kufupi ndi msika wa Milonde kuno ku Mulanje. Sindine munthu wolankhula. Amene timapemphera limodzi akudziwa kuti ndikaimirira kutsogolo, mawu amandithera pa moni pomwe. N'chifukwa chake ndasankha kulemba. Ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinatsala pang'ono kutaya banja langa chifukwa chofunsira ntchito, ndi momwe Mulungu anandibwezera pakhomo.

Ndine dalaivala. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Makolo anga anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ine ndinabadwira konkuno, ndipo onse awiri anatisiya kale. Malo athuathu tilibe. Nditakwatira Esinati ndinalowa chikamwini monga timachitira kuno. Nyumba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndi kuotcha ndekha, koma dothi limene nyumbayo yaimapo ndi la kwawo kwa mkazi. Tili ndi ana awiri aakazi. Mwini mbumba pamudzipo ndi a Fulaye, amalume ake a Esinati, amenenso ndi ankhoswe a kuchikazi. Akanena iwo kuti mkamwini achoke, amachoka.

Nthawi imeneyo ndinkayendetsa lole ya munthu wina wa holoselo ku Chitakale. Inali ntchito ya pakamwa chabe, yopanda kalata. Tsiku lina nditatula katundu pa Boma, ndinaona pepala pa bolodi lakuti nthambi ina ya boma ikufuna madalaivala. Ankafuna setifiketi ya sekondale, koma pansi pake analemba kuti oyendetsa galimoto zaka zambiri angathenso kuyesa. Ndinataipitsa kalata pa shopu, ndinatumiza. Kunyumba sindinanene. Ndinali nditafunsirapo ntchito kawiri m'mbuyomo n'kulephera, ndipo alamu anga anandiseka mwezi wathunthu. Ndinati ulendo uno ndidzanena zikatheka.

Patapita miyezi itatu anandiimbira foni kuti ndipite ku Blantyre ndi laisensi ndi chiphaso cha unzika. Ndinavala jekete langa la Lamulungu. Esinati anandiyang'ana, ine ndinangoti ndikupita ku tauni.

Nyumba imene ndinafikako inalibe chikwangwani. Foni anatilanda pageti. Tinakhala pa benchi amuna ambiri, wina osalankhula ndi mnzake. Nditalowa ndinapeza anthu atatu, amuna awiri ndi mayi wina wa magalasi amene anakhala pakati. Mayiwo ndi amene anandiuza kuti iyi ndi nthambi yofufuza mwachinsinsi za chitetezo cha dziko, imene anthu amangoti akazitape a boma. Sindinadziwe kuti ndafunsira kumalo otere.

Anayamba m'Chingerezi, ataona kuti ndikukakamira anatembenukira ku Chichewa. Anafunsa za makolo anga, mudzi umene anachokera, ngati ndimaoloka malire, ngati ndimamwa, anzanga ndi ayani. Kenako mmodzi wa amunawo anati, "Mwanyamula bwana, mwamva zonse zimene amakamba pa foni. Mwafika kunyumba, akazi anu akufunsa kuti kuntchito kunali zotani. Muyankha chiyani?"

Ndinati, "Ndiyankha kuti kunali msewu."

Amuna aja anaseka, mayi aja sanaseke, anangolemba. Ananditengera panja kukandiyesa galimoto, kubwerera chambuyo pakati pa migolo. Sindinagunde ngakhale umodzi. Pomaliza anandipatsa pepala kuti ndisaine. Mayiwo anati zimene ndaona, zimene ndamva, ndi zakuti ndinabwera kumeneko, ndisauze munthu mpaka atandiyankha. Ndinafunsa ngati ndi mkazi wanga yemwe. Anati munthu aliyense. Ndinasaina.

Mavuto anayamba patatha milungu itatu. Kunabwera amuna awiri ovala zovala wamba. Anafunsa za ine pamsika, anafunsa kwa mkulu wa mpingo, anafika kwa bwana wanga ku Chitakale, mpaka anakhala pakhonde pa a Fulaye. Ankangoti ndife a boma. Ine ndinazindikira kuti akufufuza khalidwe langa chifukwa cha ntchito ija. Anthu ena onse sanadziwe, ndiye aliyense anadzipangira yankho lake. Ena anati ndimaozetsa feteleza ku Mozambiki. Ena anati ndinagunda munthu n'kuthawa. Anthu amene ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri anayamba kunditchula kuti wa ku Mozambiki uja, ngati dzina langa aliiwala.

Bwana wanga sanafunse zambiri. Anati safuna lole yake ikagone kupolisi, anatenga makiyi. Kutchalitchi ndinali wolandira anthu pakhomo, anandiuza kuti ndiyambe ndapuma kaye.

Esinati anapirira masiku angapo. Kenako tili kumunda anaimika khasu nati, "Bambo a Chisomo, tsiku lija munavala jekete munapita kukatani? Ngati ndi mkazi, nenani. Ngati ndi mlandu, nenani. Ndikufuna ndimve kwa inu, osati pachitsime."

Ndinati si mkazi, si mlandu. Anafunsa kuti nanga n'chiyani. Ndinapitiriza kulima. Abale, khasu tsiku limene lija linali lolemera kuposa masiku onse. Ndinkafuna kunena, koma ndinkaona dzina langa pa pepala lija. Ndinkakhulupirira kuti ndikatsegula pakamwa andimanga, ndipo ntchito imene ikanatichotsa mu umphawi ipita.

Amuna aja atabweranso kachiwiri, a Fulaye anaitanitsa bwalo la banja. Ine nkhoswe wanga anali mkulu wina wa mpingo, koma tsikulo anatumiza uthenga kuti wadwala. Ndinakhala ndekha pa njerwa, iwo onse pa mikeka ndi mipando.

A Fulaye anati, "Akamwini, chikhalire pamudzi pano sipanafikepo anthu a boma kudzafunsa za munthu. Mwabwera nazo ndinu. Tiuzeni."

Ndinati, "Sindinabe. Ndilibe mkazi wina. Zinazo sindingathe kunena."

"Simungathe kunena kwa ife amene tinakupatsani malo ogona? Munabwera ndi chikwama chimodzi, njira mukuidziwa."

Anandipatsa mwezi umodzi. Anati ndikakhale kwina, ndipo mweziwo ukatha ndisanafotokoze, asudzula ukwati. Esinati analowa m'nyumba, analongedza zovala zanga, anaika chikwama pakhonde. Ana anali pazenera. Nditafika kumsewu ndinatsegula chikwamacho, ndinapeza zonse zilimo kupatula jekete lija. Ndinaganiza kuti walisunga ngati umboni wonditsutsa.

Palibe wa mpingo wathu amene ananditsegulira chitseko. Sindikunena izi modandaula, ndikunena zimene zinachitika. Amene anandiitana ndi Che Amidu, Msilamu wogula nandolo ndi chimanga pamsika wa Milonde. Sitinali pachibwenzi, tinkangopatsana moni. Anandipeza nditakhala pa chikwama kuseri kwa sitolo yawo. Anati anthu aja anawafunsanso iwo, ndipo anawafunsa ngati ndimasunga nthawi ndiponso ngati ndimakonda nkhani. Anati, "Ofuna wakuba safunsa zimenezo. Sindikufunsani kanthu. Muzigona umu, muzindithandiza kusoka matumba." Anathera pomwepo, ndipo mwezi wonse sanafunsenso.

Unali mwezi woipa. Tsiku la msika ndinaona ana anga akubwera ndi azakhali awo. Wamng'ono anafuna kuthamangira kwa ine, anamukoka dzanja. Wamkulu anayang'ana pansi n'kudutsa. Ndinalowa m'sitolo, ndinakhala pa thumba mpaka msika unatha. Kawiri konse ndinanyamuka kuti ndikaulule zonse, kawiri konse ndinabwerera panjira. Ndinaganizapo zooloka malire kukafuna abale a bambo anga amene sindinawaonepo. Panabweranso maganizo ena oipa amene sindiwalemba pano. Foni ndinkaiyang'ana kosalekeza, koma ku Blantyre kunali zii.

Kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero langa linali limodzi. Ndinkati Ambuye ndipatseni ntchitoyi, ndidzafike pamudzi paja pa galimoto ya boma, a Fulaye achite manyazi. Masabata atatu ndinapempha zimenezo. Tsiku lina masana Che Amidu atapita kumzikiti, ndinagwada pakati pa matumba a nandolo, mawu aja anakana kutuluka. Ndinalira monga sindinalirepo chimwalirire mayi anga. Ndinangoti, Ambuye, ntchito ikhale. Ndibwezereni ana anga ndi mayi wawo. Sindinaonjezepo kanthu.

Kutatsala masiku anayi kuti mwezi ukwane, foni inalira. Anati ndipite ku Blantyre mawa lake. Ndinakwera pamwamba pa matumba pa galimoto imene inkapititsa nandolo wa Che Amidu ku Limbe. Ndinafika ndi shati yafumbi, wopanda jekete.

Ulendo uno mayi a magalasi aja anali okha. Sanazungulire. Anati ntchito sindinaipeze. Anati pa galimoto ndinachita bwino, pa khalidwe sanapeze choipa chilichonse, koma opambana anali ndi masetifiketi amene ine ndilibe. Ntchito yakale yapita, banja likupita, ndipo chimene ndinatsekera pakamwa chapitanso. Ndinaimirira kuti ndizipita.

Anati ndikhale. Anatsegula faelo nati, "Amene sanapambane sitimawaitana kuno. Inu ndakuitanani chifukwa anthu athu alemba kuti mukugona m'sitolo ya nandolo. N'zoona?"

"N'zoona."

"Bwanji simunangowauza akazi anu kuti mukufunsira ntchito ya boma, osatchula kuno?"

"Munati munthu aliyense."

Anavula magalasi. Kenako anafunsa ngati pali chimene angandichitire. Ine amene sindipempha kanthu kwa munthu, pakamwa panatseguka pokha. Ndinati andilembere pa pepala kuti sindine wakuba. Anatuluka, anabwera ndi kalata yotaipa ya chidindo cha boma. Nditaona kuti ndi ya Chingerezi ndinati a Fulaye samva Chingerezi. Anatenga cholembera, analemba pansi pake m'Chichewa ndi dzanja lawo. Anandiuza kuti tsopano ndingathe kunena kuti ndinafunsira ntchito ndipo anandikana, koma kumene kuli nyumbayo ndi maina a anthu zikhale mumtima. Zimenezo ndasunga, ndipo ndidzasungabe.

Tsiku lomaliza la mwezi bwalo linakhalanso. Ndinakhala pa njerwa yomwe ija. A Fulaye atafunsa ngati ndabwera ndi mawu, ndinapereka kalata. Anaitembenuza uku ndi uku, anaona chidindo, anaipereka kwa Esinati kuti awerenge. Anawerenga mokweza. Kalatayo inati ndinafunsira ntchito ya udalaivala m'boma, inati anthu amene ankafunsa za ine ankatsata dongosolo la ntchitoyo, inati ndinalamulidwa kusauza munthu, inati sanandipeze ndi cholakwa chilichonse. Mzere womaliza unati akupepesa kuti ntchito sindinaipeze. Pamenepo Esinati anatsitsa kalata.

A Fulaye anati, "Ndiye ntchitoyo mwaipeza?"

Ndinati ayi.

"Nanga tonsefe tavutikira chiyani?"

Alamu anga anaseka, ena anatsatira. A Fulaye sanapepese, ndipo sindinayembekeze kuti apepesa. Anangoloza ndi ndodo nati ndilowe m'nyumba mwanga. Aka kanali koyamba kuwamva akuitchula kuti nyumba yanga.

Titalowa, ana anandigwira miyendo. Esinati anaima pakhomo la kuchipinda ndi kalata m'manja. Anati ndikanangonena. Ndinati ndinasaina. Anati, "Nanga ndi ine simunasaine kutchalitchi?" Analowa kuchipinda, anatuluka ndi jekete lija, lochapa, lositasita. Anati sanaliike m'chikwama chifukwa munthu amene wasiya jekete amabwerera kudzalitenga.

Si zonse zimene zinabwerera. Bwana wa ku Chitakale anali atalemba kale dalaivala wina. Pamsika ena amandiitana kuti kazitape, ndimangowayang'ana. Kutchalitchi anandibwezera pakhomo paja popanda wonena kanthu. Panopa ndikuyendetsa galimoto ya Che Amidu. Iwo anati munthu amene anagona pa matumba mwezi wathunthu osaulula za eni ake, angathe kumutuma kulikonse. Malipiro ndi ochepa, koma ndikamaliza ntchito ndimapita kwathu. Ndikuphunziranso kulankhula ndi mkazi wanga. Zikundivuta, koma ndikuyesa. Akandifunsa kuti kuntchito kunali zotani, sindiyankha kuti kunali msewu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lachiwiri lija, osati loyamba. Ndikuthokoza chifukwa cha Che Amidu, amene sitipemphera limodzi koma anandisunga. Ndikuthokoza chifukwa cha mayi a magalasi amene dzina lawo sindingalitchule. Ambuye awadalitse kumene ali.

Iwe m'bale amene anthu akukunenera zimene sunachite, ndipo ulibe poyankhira, usadzipweteke, usathawe. Pirira, pemphera, ndipo uyang'ane bwino chimene ukupempha. Yankho likhoza kubwera lolembedwa kuti ayi. Langa linabwera choncho. Kalata ija tinaiika m'pulasitiki, ili m'thumba la jekete, ndipo jeketelo lili pa msomali m'nyumba mwanga. Ambuye alemekezeke. Ameni.