Mafumu Awiri ndi Dimba la Kachewere

Chaka chimene anthu analeka kupita ku Wenela, Timoteyo anabwerera kumudzi kwa mkazi wake pafupi ndi Kasina ali ndi wayilesi, njinga ndi paketi ya makhadi. Sipanapite nthawi, diso lake linagwera pa dimba la kachewere limene mlamu wake Kalisto ankalima kumtsinje, ndipo poti mkamwini sapempha dimba, anaganiza zolitenga mwanzeru. Lamulungu lina atachoka ku Misa anamuitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kuyala mkeka.

"Alamu, lero ndikuphunzitsani makhadi."

"Khadi ndili nalo kale," anatero Kalisto, dzanja lili m'thumba la malaya. "Ndinagula lachaka chino. Popanda limeneli pamsika wa Mayani sakulowetsa."

"Sindikunena la chipani. Awa ndi amasewera. Dzina lake sitadi poka."

"Si juga imeneyi?"

"Juga ndi ya anthu osayenda. Iyi ndi nzeru. Kumigodi tinkasewera ndi akapitawo."

Timoteyo anasakaniza makhadi mwaluso, akuwaliza ngati chimanga chokazinga, kenaka anathira nyemba pamkeka n'kuzigawa pawiri. Anafotokoza kuti munthu aliyense amalandira makhadi asanu, loyamba chafufumimba, enawo chagada, ndipo khadi lililonse likagwa anthu amaponya nyemba pakati. Anaika khadi lozondoka patsogolo pa Kalisto.

"Ili ndi lachinsinsi. Munthu asalione."

"Munthu aliyense?"

"Aliyense."

Kalisto anagwedeza mutu, navula chipewa n'kuvundikira khadilo. Timoteyo anapitiriza kugawa. Kwa iye kunagwa chithunzi cha munthu wandevu.

"Uyu ndi mfumu. Amaposa mfumukazi, mfumukazi amaposa jeki."

"Jeki wokwezera lole?"

"Jeki ndi mnyamata uyu."

"Nanga ngati ndi mnyamata, bwanji ali ndi mitu iwiri, wina kumwamba wina kunsi?"

"Onse ali choncho. Musiye mitu. Tsono woposa mfumu ndi uyu, eyisi."

Kalisto analiyang'anitsitsa. "Kadontho kamodzi aka kaposa mfumu?"

"Kaposa."

"Tsitsani mawu, alamu." Kalisto anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, mbali iyi ndi iyo. "Inu mwakhalitsa kunja. Kuno sitinena kuti pali woposa wamkulu."

"Ndi pepala ili!"

"Anthu apita chifukwa cha mapepala."

Timoteyo anabwezera eyisi pamulu wa makhadi. Anali atalumbira mumtima kuti sapsa mtima, chifukwa nsomba siithawitsidwa isanameze nyambo. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti makhadi awiri ofanana ndi mapasa, ndipo mapasa amaposa khadi loyenda lokha. Atatu ofanana amaposa mapasa. Kalisto anafunsa ngati mafumu awiri nawonso ndi mapasa, ndipo atamva kuti ndi mapasa amphamvu kwambiri, anapukusa mutu.

"Mafumu awiri pamudzi umodzi si mphamvu imeneyo. Ndi mlandu."

"Pano ndi mphamvu. Ine ndaponya nyemba zanga. Inu tsopano mungathe kukweza."

Kalisto anatapa nyemba, natukula dzanja pamwamba pa mutu.

"Mukutani?"

"Ndakweza. Ndifike pati?"

"Kukweza n'kuwonjezera! Tsitsani mkono. Ngati simukuopa mnzanu, mumawonjezera pa zimene waponya. Ngati mukungofuna kulingana naye, kumigodi timati kuitana. Yesani. Itanani."

"Ndiitane ndani?"

"Ingoitanani."

Kalisto anatembenukira kunyumba, nakweza mawu. "Anjelina!"

Timoteyo anamudumphira n'kumutseka pakamwa. Anjelina anali mkazi wake, mlongo wa Kalisto, ndipo anali atanena kale kuti makhadiwo akadzawaonanso adzasonkhezera moto. Mwamwayi anali pakati pa nkhani ndi amayi anzake pachitsime, ndipo sanamve.

"Kuitana sikutanthauza kuitana," ananong'ona Timoteyo.

"Nanga bwanji anakutcha kuitana?"

"Funsani amene anayambitsa. Chachitatu, mukaona kuti zavuta, mumapinda."

Sanamalize n'komwe. Kalisto anali atatenga kale mfumukazi ya mitima, naipinda pakati bwinobwino, n'kusisita ndi chikhadabo kuti mzere uoneke.

"Mayo, khadi langa la ku Joni!"

"Ndipindenso kachiwiri?"

"Kupinda n'kugonja! Mumangokankha makhadi, zonse zimene mwaponya pakati n'kupita kwa mnzanu."

"Alamu, masewera anuwa mawu ake onse ndi abodza."

"Eya, mwafika pamutu penipeni." Timoteyo anawongola mfumukazi ija pabondo, naiika pambali. "Poka ndi nkhope. Ukakhala ndi zoola umaseka, ukakhala ndi zabwino umadandaula. Ine munthu ndimamuwerenga pamphumi. Kumigodi ankanditcha Galasi."

"Ndiye mumaulula kwa ansembe mukatha?"

"Si bodza la pakamwa. Ndi la nkhope."

"La nkhope sililowa m'malamulo khumi?"

"Sililowa."

Anasewera kangapo ndi nyemba, Timoteyo akugonja dala kuti mlamu wake amve kukoma. Kalisto ankangosonkhanitsa nyembazo n'kumasankha zofumbwa, akudandaula kuti mbewu yabwino ikutha ndi kuponyedwa. Khadi la pansi pa chipewa sankalikhudza mpaka Timoteyo atanena kuti tembenuzani. Dzuwa litapendeka, mphepo ya kuphiri itayamba kulowa m'malaya, Timoteyo anaona kuti nthawi yakwana. Anagawanso. Pamaso pake panagwa mfumu, kenaka seveni, kenaka folo, kenaka mfumu ina. Kwa Kalisto kunagwa faifi, eyiti, jeki, ndi faifi wina. Timoteyo anasuzumira khadi lake lobisika, napeza kuti silithandiza kanthu, koma mafumu awiri anali okwanira kupondereza mafaifi awiri. Analowa m'nyumba, natuluka atanyamula wayilesi, n'kuikhazika pakati pa mkeka.

"Nyemba ndi za ana. Ine ndaika iyi. Inu ikani dimba la kumtsinje."

"Dimba silinyamulika."

"Ingonenani kuti mwaika."

"Mukapambana mulitenga?"

"Ndilitenga."

"N'kumalima nokha? Kuthirira nokha m'mawa wa Juni, madzi akuluma zala?"

"Ndekha."

"Ndaika," anatero Kalisto msangamsanga.

Kufulumira kumeneko sikunamusangalatse Timoteyo. Anayembekezera kuti munthuyo ayamba wadandaula, kutchula ana, kutchula feteleza. Koma Kalisto anakhala phee, akuchotsa chisoso pa thalauza.

"Munati wosaopa amawonjezera?" anafunsa Kalisto.

"Ndinatero."

"Ine sindikuopa. Ndawonjezera mbuzi yanga yaikazi ija. Inu ikani njinga."

Timoteyo anayang'ananso makhadi a Kalisto. Mafaifi awiri ali poyera. Ngati pansi pa chipewa pali wachitatu, mafumu ake atha ntchito. Anayang'ana pamphumi pa mlamu wake. Panalibe cholembedwa. Anayang'ana m'maso, m'milomo, m'zala. Munthuyo ankangoyasamula.

"Alamu, inu ndinu mkulu wa mumpingo. Simunama. Pansi apo pali faifi?"

"Sindikudziwa."

"Musandiseweretse."

"Ndithu sindikudziwa."

"Ndiye njinga yanga mukuifuna ndi mtima wanji?"

"Sindikuifuna kwenikweni. Sinditha n'kupalasa komwe. Ndikungotsata malamulo anu."

Apa Timoteyo anazindikira kuti wakumana ndi chilombo. Kumigodi anaonapo anthu obisa nkhope, koma wofika poyasamula dimba ndi mbuzi zili pakati sanamuonepo. Munthu uyu, anaganiza motero, wakhala akudzipusitsa tsiku lonse, mwina anaphunzira kalekale kwa aphunzitsi a ku Lobi. Wayilesi yapita kale, koma njinga ingapulumuke. Anakankhira mafumu ake pakati.

"Ndapinda."

"Simunapinde, ali owongoka."

"Ndagonja, ndikutero! Tengani wayilesi. Koma ndionetseni faifi wanuyo, mtima ukhale pansi."

Kalisto anachotsa chipewa, natembenuza khadi. Linali thuu, timadontho tiwiri tofiira.

"Ooh, kani ndi kameneka," anatero Kalisto, akukayang'ana mwachidwi.

"Simunalione?"

"Munati munthu asalione. Ine si munthu?"

Timoteyo anagwira mutu ndi manja onse awiri. Mafumu ake anali chigonere pamkeka, opambana koma otayidwa. Kalisto anali atayamba kale kupotokola wayilesi, akufunafuna nyimbo, ndipo nkhope yake inkaoneka yokhumudwa pang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa chimene sanapemphe.

"Chabwino, simunalione," anatero Timoteyo. "Ndiye bwanji simunanjenjemere? Munthu kuika dimba lonse pa khadi losalidziwa?"

"Ndinjenjemere chifukwa chiyani? Ine ndimafuna mupambane."

"Ndipambane ine?"

"Ndinawonjezera ndi mbuzi yomwe kuti mulimbe mtima, ija imandidyera kabichi. Inu n'kuthawa." Kalisto anakolekera wayilesi paphewa, navala chipewa. "Dimbalo si langa, alamu. Amayi asanamwalire analipereka kwa Anjelina, inu muli ku Joni. Ine ndimangomulimira poti mwamuna wake kunalibe, ndipo msana wanga watopa. Akuti akuuzani mawa. Mulawire, kumazizira."