Tsiku Limene Msuweni Wanga Adandipatsa Ulemu

Kale, magetsi asanafike kuno kwa Malomo, pamene pali kashopu kanu kotchajira mafoni kano padali mtengo wa muwanga, ndipo pansi pake padali tebulo la msuweni wanga Lameki, wokonza mawailesi. Iwe wa chipewa chofiira, tadzutsako mutu, ndikunena iweyo amene zala zikuthamanga ngati ukutong'ola chimanga. Chikhalireni pa benchi pano kudikira kuti foni yanga idzaze, ndikungokumvani mukulimbana ndi anthu amene simukuwaona, uyu akuti foni yake ndiyo foni, uyo akuti ya mnzakeyo n'chidole. Kanganani, ana anga, mkangano si tchimo, ine ndemwe ndidakulira momwemo. Koma tamvani kaye zimene zidandionekera ine.

Lameki ndi mwana wa amalume anga, ndiye kuti iye ndi ine ndife asuweni enieni. Inu a masiku ano chisuweni mumangochimva dzina, koma kale msuweni adali munthu wako womutukwana mwaufulu, ndipo padalibe mlandu. Mukakumana pachitsime, pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi, iye amati, "Mkazi wanga uja ndi uyu, sanakongolebe mpaka lero," iwe n'kuyankha kuti, "Taonani mwamuna wanga, miyendo ngati ya kakowa," ndipo akuluakulu amangoseka chifukwa amaona nkhope zathu, amadziwa kuti pakamwa pakutukwana koma maso akunena zina. Lameki adayamba kunditcha Chimphuno tili ana, tikutola masuku m'mapiri a Ntchisi umu. Dzina langa la ubatizo ndine Esinati, koma m'kamwa mwake silidatulukemo ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Titakula, ine ndidaphunzira kutayipa ndipo ndidalembedwa ntchito mu ofesi ya esiteti ina ya fodya cha kwa Chisepo. Makina otayipira a nthawi imeneyo adali achitsulo, olemera, ndipo ukalakwitsa chilembo chimodzi pansi penipeni pa pepala, basi, ng'amba, yambiranso. Ndiye taganizani tsiku limene kompyuta idafika mu ofesi muja. Tidaifunditsa chitenje kuopa fumbi la fodya, ndipo matenanti akabwera kudzaonana ndi kapitawo ankasiya nsapato panja osauzidwa ndi munthu. Ine ndidaikonda pomwepo, ndisaname, chifukwa ukalakwitsa umangofufuta, palibe amene wakuona. Lameki atamva adapalasa njinga mtunda wonsewo kudzaiona. Adaizungulira, naisuzumira kumbuyo, nafunsa kuti, "Imatsegulidwa pati?"

Ndidati, "Chotsa zala zako zamafutazo, sitsegulidwa ndi anthu a mawailesi."

Iye adati, "Chimphuno, chinthu chimene sungachitsegule ndi sikuludiraiva n'kuona matumbo ake si chako, wangobwereka."

Mkangano wathu udayambira pamenepo, ndipo tidakalamba nawo. Ine ndinkati chatsopano chimapeputsa ntchito, iye ankati chatsopano chimakupanga kapolo wa amene adachipanga. Tikakumana ku zinkhoswe anthu ankachita kutisiyira mphasa yathuyathu kuti tizisokosera patali.

Zaka zidapita, amuna anga adatisiya, akazi ake nawonso adatsikira kulichete, ndipo iye maso atayamba kuchita chidima adasiya tebulo lija n'kukakhala ku Nachisaka pafupi ndi mwana wake wamkazi. Ana athu adatigulira mafoni oseserekawa, iye akukana, koma atazindikira kuti angathe kunditukwana osapalasa njinga adaigwiritsitsa. M'mawa uliwonse, ndisanasese n'komwe pakhomo, foni inkalira: "Chimphuno, wadzuka, kapena tiyambe kukumba?" Ine n'kuyankha kuti, "Kumba ako, nkhalamba iwe." Mukuseka, koma mvetsani bwino. Ukafika msinkhu wangawu aliyense amakuti agogo, aliyense amakuti amayi, amakugwadira, amakulankhula mosamala ngati dzira, ndipo onse amene adakuona uli kamtsikana ka zipsera m'mawondo adapita. Ine adanditsalira ndi Lameki yekha, ndipo uthenga wa m'mawa uja ndiwo unkandidzutsa.

Tsono mdzukulu wina adatilowetsa m'gulu la pa foni la anthu ochokera kumapiri kuno, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, ambiri a iwo ana a dzulodzuloli amene sitidawaonepo. Tsiku lina masana, nyengo yosoka fodya, mtsikana wina adafunsa m'gulumo kuti foni yake ikumuuza kuti achite apudeti, kodi avomere? Apudeti mukuidziwa inu kuposa ine, kuja foni imati ikufuna kulandira nzeru zatsopano kuchokera kwa eni ake.

Lameki adalumphira pomwepo. "Usayerekeze, mwanawe! Foni ikugwira ntchito, ukuisinthiranji? Amene adaipanga akufuna ikalambe msanga kuti ukagule ina. Apudeti ndi mlendo wolowa m'nyumba mwako iwe uli kudimba n'kukusunthira mipando."

Ine ndikadangomusiya? Ndidalemba kuti, "Musamvere mdala uyu, nzeru zake zidathera m'mabatire a wailesi. Apudeti ndi kumata maenje a makoswe kuti akuba a pa intaneti asalowe."

Iye adati, "Iwe Chimphuno khala chete. Iwe ngakhale fisi atakulembera kuti dinani apa ungadine. Mutu waukulu wopanda kanthu."

Ndidaseka mpaka kutsokomola, ndipo pofuna kumupsetsa mtima ndidalemba kuti, "Taona, ndikudina pompano." Ndidadinadi. Mayo ine! Foni idayamba kumeza bandulo yanga ngati ng'ombe yolowa m'dimba, idameza yonse, ndipo itatha idangoti zii. Mvula nayo idagwa yosalekeza, mtsinje wathu udadzaza, ndipo padapita masiku ndisanathe kuwolokera kuno kudzagula ina.

Nditatsegula foni, mauthenga adakhuthuka ngati linthumbu. Ana aja sadadziwe kuti ndife asuweni, adangoona bambo wachikulire akunyoza mayi pagulu, mayiyo n'kungoti chete, ndiye adati amulilitsa. Adadzuka kunditeteza. Woyamba adalemba mwaulemu ndithu kuti, "Adala, lemekezani amayi." Koma ndewu ya pa foni mukuidziwa, aliyense amafuna kuponyapo mwala wake. Wina adati anthu ngati inu ndi amene mukubweza dziko m'mbuyo. Wina adati bwererani ku mawailesi anu, za makompyuta zisiyireni ophunzira. Wina adaika chithunzi cha nyani wokalamba atagwira foni mozondotsa, pansi pake atalemba dzina la Lameki, ndipo anzake adasanja tinkhope toseka mzere wonse. Lameki adayesa kufotokoza, adalemba kuti, "Ana inu, ameneyu ndi msuweni wanga." Wina wa ku tauni adamuyankha kuti, "Msuweni kapena ayi, nkhanza ndi nkhanza. Bwanji amayiwo sakubweranso? Mwawathamangitsa." Pansi penipeni padali kamzere kakang'ono konena kuti Lameki watuluka m'gulu.

Ndidawakalipira ana aja, ndipo ena adapepesa, koma madzi akatayika saoleka. Ndidamulembera Lameki, osayankha. Ndidaimba, foni inkangolira. M'mawa kudacha, foni yanga duu. Kudachanso, duu. Paja amati nkhuyu zodya ana zipota akulu, ndipo zidandipotadi, ndinkasesa pakhomo khutu lili kunyumba. Mwana wanga adati, "Amayi, asiyeni amalume, mtima ukatsika akulemberani." Ndidati iwe sukumudziwa, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndidamanga chitenje, ndidakwera minibasi, pamene msewu udathera ndidakwera kabaza, mafupa angawa akulira m'zitunda zonse za ku Nachisaka.

Ndidamupeza pakhonde, wailesi yotsegula ili pamiyendo. Ndidakonzeratu mawu m'njira, ndinkadikira kuti ayambe iye monga mwa masiku onse. Koma atandiona adaika wailesi pansi, adaimirira, adavula chipewa, adalowa m'nyumba n'kutulutsa mpando wa alendo, naupukuta ndi dzanja la malaya. Kenako adakhala pansi poteropo, adaomba m'manja, nati, "Takulandirani, mayi Esinati. Mwayenda bwanji?"

Ana anga, ndidatukwanidwapo m'moyo uno, koma palibe mawu amene adandilasa ngati amenewo.

Ndidati, "Iwe nkhalamba, mutu wazungulira?"

Iye adati, "Ayi mayi, tili bwino, kaya anzathu kumene mwachokera."

Ndidati, "Lameki, tasiya zimenezo."

Adayang'ana pansi, nati, "Ana aja adanditsegula maso. Mwina zaka zonsezi ndakhala ndikukuchitani chipongwe, inu mukungopirira chifukwa cha chibale. Pamene ankandinyoza paja inu mudali chete, ndiye ndidadziwa kuti akulankhula za kumtima kwanu."

Apo ndidaona kuti zafika poipa, ndipo ndidachita chimene sindidachitepo chibadwire, ndidamupatsa chigonjetso m'manja. Ndidati, "Sindidali chete mwadala. Apudeti ija idandidyera bandulo yonse, foni idangoti zii." Taganizani, munthu amene wakhala akudikira mawu amenewo kuyambira kwa Chisepo kuja! Lameki wanga akadagubuduka pansi ndi phwete, akadaitana mudzi wonse kuti udzamve. Koma iye adangoti, "Pepani mayi, zimachitika."

Ndidachita mantha enieni. Mwana wake adabwera ndi madzi, adationa, adabwerera chafutambuyo.

Pamenepo maso anga adagwa pa tambala wamkulu wofiira amene adamangidwa mwendo pa mzati wa nkhokwe. Tsono pa chisuweni pali lamulo lina limene inu simulidziwa: katundu wa msuweni sabedwa, amangotengedwa. Ukapeza nkhuku, mpeni kapena chipewa chake, umanyamula masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo iye angakuwe motani palibe bwalo limene lingamumvere. Koma mlendo wopatsidwa mpando sangachite zimenezo. Ndidadzuka pampando paja, ndidamasula tambala uja, ndidamupanira m'khwapa, ndipo ndidauyamba ulendo osatsanzika.

Kumbuyo kudali zii. Ndidadutsa chigafa cha fodya, zii. Ndidafika pamene njira ikhotera kudambo, tambala akuphupha, ndipo ndidadziuza kuti akandisiya ndipite naye ndiye kuti msuweni wanga ndamuika m'manda ali moyo. Sindidacheuke, ndinkangopemphera chamumtima kuti Ambuye, mutsegulireni pakamwa mdala ameneyu.

Ndiye ndidamva mawu akung'amba mudzi wonse.

"Iwe Chimphuno! Mbava iwe! Tambala wanga wa mbewu ameneyo! Wakalamba ukuba, ufa ukuba! N'chifukwa chake ngakhale foni yako idakukana! Sindidakuuze ine za apudeti? Sindidakuuze?"

Ndidakhala pansi m'matope momwemo, tambala ali m'khwapa, ndipo ndidalira ngati mwana, kulira kwa chimwemwe. Iye adabwera akutsimphina ndi ndodo yake, akutukwanabe, misozi ikutsika m'masaya, ndipo amayi amene ankachokera kudimba adaima n'kufunsana ngati kwagwa maliro. Mwana wake adawauza kuti, "Ayi, ndi asuweni," ndipo adangoseka n'kumapita.

M'gulu muja Lameki sadabwereremo, ndipo ine sindimukakamiza. Za apudeti sitidagwirizane mpaka lero, ine ndimadinabe, iye foni yake idakali ndi nzeru zomwe idabwera nazo, ndipo aliyense akudikira kuti ya mnzake ife.

Ana ajatu sadali oipa, adali ngati inu nomwe, adafuna kuteteza mayi wachikulire, ndipo amene adawalera adawalera bwino. Chimene adasowa ndi nkhope. Kale mkangano unkachitikira pamphasa, umamuona mnzako ngati akuseka kapena magazi awira, ndipo wolowerera amayamba wafunsa kuti awiriwa ali pachibale chanji. Pa foni pamangofika mawu okhaokha, eni ake atatsala kunyumba. Tsono kanganani za mafoni anuwo mmene mungathere, koma musanaponye mwala pa munthu amene simukumuona, dzifunseni kuti kodi ameneyu ndi wa yani, ndipo mukamugwetsa alire ndani. Mwina kuseri kwa phiri kuli nkhalamba ina imene yatsala ndi iye yekhayo.

Tambala uja sindidabweze. Ndidakamupha, ndidamudya ndekha, ndipo m'mawa uliwonse Lameki amandilembera kuti akumufuna.